Manda a Makolo ndi Tsogolo la Ana

Mu Januwale 2015 mitsinje ya Shire ndi Ruo inasefukira, ndipo anthu a ku Makhanga, kwa Mfumu Yaikulu Mlolo m'boma la Nsanje, anazingidwa ndi madzi. Tsokali linabweranso ndi anamondwe a Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Boma lakhala likupempha anthu kuti asamukire kumtunda, ndipo pempholi lagawa mabanja: akuluakulu ambiri akukana, achinyamata akufuna kupita. Kodi mwana wofuna kusamuka pamene bambo ake akukana ndi wamwano?

Tisafulumire kunena kuti akuluakuluwo ndi ouma mitu. Madzi akaphwa amasiya nthaka yachonde m'madimba, momwe amakolola chimanga ndi mbatata m'chilimwe pamene kumtunda kuli gwa. Makolo awo agona pomwepo. Nyakwawa ikasamukira pamalo a mfumu ina imasanduka mlendo. Koma achinyamata nawonso sakunama. Madzi amene agogo ankawaona mwa apo ndi apo, iwo awaona kanayi m'zaka zosakwana khumi, sukulu zawo zikusanduka misasa ya othawa.

Mbiri ya Chisilamu ili ndi phunziro pa nkhaniyi. Khalifa Umar (RA) ali pa ulendo wa ku Shaam anamva ali ku Sargh kuti kutsogolo kwagwa mliri. Sanalamule yekha. Anafunsa Amuhajirina, nasiyana maganizo. Anafunsa Answari, nawonso chimodzimodzi. Kenaka anaitana akuluakulu a Chikuraishi, ndipo onse analangiza kuti abwerere. Abu Ubaida (RA) atafunsa ngati kumeneko sikunali kuthawa chikonzero cha Allah, Umar anamuonetsa kuti kopitako nakonso n'chikonzero cha Allah. Taonani: amene anasankha kupewa ngozi anali okalamba. Choncho kupewa ngozi si mantha a ana amakono, ndiponso kuidikira si chizindikiro cha chikhulupiriro.

Tikuona kuti kulemekeza makolo n'kuwamvera pa zabwino ndi kuwayankhula mofatsa, osati kugoneka adzukulu awo m'njira ya madzi. Komabe mwana amene wanyamuka yekha, n'kusiya mayi ake okalamba m'nyumba ya zidina pafupi ndi mtsinje, wapulumutsa thupi lake n'kutaya udindo wake. Njira imene mabanja ena atsata ndi yanzeru: nyumba kumtunda, dimba kumadambo, manda n'kumawayendera. Njira yotere imapezeka pokhapokha mkulu ndi mwana akakhala pa mphasa imodzi n'kuchita shura.

Ife a m'mbali mwa nyanja tisaiyese nkhani yakutali. Mu 2024 nyanja inakwera n'kulowa m'makomo ku Mangochi. Tikambirane ndi ana athu kudakali chilimwe, pakuti madzi akafika pakhomo sipakhalanso nthawi yomvetserana.