ANA AAKAZI A ZELOFEHADI NDI MINDA YA KU HENGA



Mwezi uno wa Korona, pamene dzuwa liswa mtengo ndipo utsi wa osasa minda uoneka ponseponse m'chigwa cha Henga ndi ku Nkhamanga, ndifuna kukukumbutsani mlandu wina wa m'Malembo Oyera umene sitiumva kawirikawiri m'tchalitchi. Uli m'buku la Numeri, mutu 27.

Aisraele ali pafupi kulowa m'dziko limene Mulungu adawalonjeza, Mose adawerenga amuna onse, kuti dzikolo ligawidwe potsata maina a makolo aamuna. Tsono kudali munthu wa fuko la Manase, dzina lake Zelofehadi, amene adafera m'chipululu wopanda mwana wamwamuna. Adasiya ana aakazi asanu: Mala, Nowa, Hogila, Milika ndi Tiriza. Mwa mwambo wa masiku amenewo asanuwa sakadalandira ngakhale mzere umodzi. Koma iwo sadakhale kuseri kwa hema namadandaula. Adapita kukaima pa khomo la chihema chamsonkhano, pamaso pa Mose, pa Eleazara wansembe, pa akulu ndi pa mpingo wonse, napempha kuti awapatse gawo pakati pa abale a bambo wawo. Mose sadawakalipire kuti alankhula pa bwalo la amuna. Adatenga mlanduwo kunka nawo kwa Mulungu, ndipo Mulungu adagamula kuti anawo anena zoona. Kuyambira tsiku lomwelo lamulo la cholowa lidasinthika mu Israele.

Kuno ku Rumphi nakonso munda utsata bambo. Mkazi akaperekedwa malowolo achoka kwawo nakalima nthaka ya kuchimuna. Ndipo alimadi. Ndani atunga madzi othirira nazale ya fodya tambala asanalire? Ndani aokera, apalira, athyola, nakhala m'chigafa kusoka masamba mpaka zala kuda bii? Amuna agwira nawo, sindikana. Koma mabelo akapita ku msika wa ku Mzuzu, kawirikawiri dzina lolembedwa ndi la bambo, ndalama nazonso zilowa m'thumba la bambo, ndipo mwezi wa Febuluwale nkhokwe ikauma, woyenda ndi lichero kukafuna ganyu ndi mayi yemwe uja.

Chaka china ndidapita kukachita Misa ku tchalitchi lina laling'ono la m'parishi imene ndinkatumikira. Itatha Misa, mayi wina wamasiye adandidikira pansi pa mtengo wa mango. Adakhala pa banja zaka zoposa makumi awiri, nabereka ana aakazi okhaokha. Mwamuna wake adamwalira chimanga chili m'munda. Asanakolole n'komwe, alamu ake adamuuza kuti mundawo ngwa mtundu wawo, ndipo kuti iye angathe kubwerera kwawo. Kwawoko makolo adatha kale, minda adagawana alongo ake. Chimene chidandilasa mtima n'chakuti mmodzi wa alamuwo adali atagwada kutsogolo m'Misa yomweyo, nalandira Ukaristia m'manja mwanga. Ndivomere pano kuti tsiku limenelo ndidangomutonthoza mayiyo ndi kumdalitsa, osapita kukaonana ndi alamu ake. Mose adachita bwino kuposa ine.

Ena mwa inu abambo mudzati: Koma a Bambo, nthaka ya makolo ikapita m'manja mwa mkazi, mawa akakwatiwa kwina, kodi siipita kwa alendo? Nkhawa imeneyi siyopusa ayi, ndipo Malembo sakuibisa. Pa mutu 36 wa buku lomwelo akulu a fuko la Manase adabwera ndi dandaulo lomweli, ndipo Mose adawamveranso, nalamula kuti ana aakazi aja akwatiwe m'fuko la bambo wawo, kuti nthaka isachoke. Sindinena kuti ife titsate lamulo la ukwati limenelo. Koma taonani kuti pofuna kuteteza nthaka ya fuko, sadalande anawo gawo lawo. Adafuna njira yosungira zonse ziwiri. Palibe amene akukupemphani kuti mugulitse dziko la a Chikulamayembe. Chofunika n'chakuti mayi amene adathira thukuta lake m'munda alimebe mundawo, adyetse ana a mbale wanu, amene alinso magazi anu.

Malamulo a dziko lathu adanena kale za zimenezi. Lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 1967 sililipo, koma la chaka cha 2011 lilipo, ndipo liti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Lamulo la malo a makolo la chaka cha 2016 lidalamula kuti pa anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa kukhala m'komiti ya malo ya m'mudzi, atatu kapena kuposapo akhale amayi. Chaka chomwecho, mwezi ngati uno, amayi alimi ochokera m'maiko ambiri a mu Afrika adasonkhana ku Tanzania, ena nakwera phiri la Kilimanjaro, kuti mafumu a maiko amve zofuna zawo pa nkhani ya malo. Koma lamulo lolembedwa pa pepala silikolola chimanga. Werengani buku la Yoswa, mutu 17: Mose atamwalira, dziko likugawidwa, ana a Zelofehadi adayenera kubweranso kwa Yoswa ndi Eleazara kudzawakumbutsa chigamulo chija. Akadakhala chete, ndani adziwa ngati akadakumbukiridwa?

Munda wokha sukwanira. Pafunikanso mbewu ndi chonde. Chiyambire chaka cha 2005, pamene boma lidayamba kugawa makuponi a feteleza wotsika mtengo, ambiri a ife tidazolowera kuyang'ana kumsewu mvula ikayandikira. Thandizo limenelo lidapulumutsa mabanja, ndipo tisalinyoze. Koma tidaona mmene feteleza adakwerera m'chaka cha 2022, nkhondo itabuka ku Ukraine, dziko limene ambiri sitidziwa n'komwe kumene lili. Tidaona ndalama ya kwacha ikugwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Ndipo mu Malichi 2024 chilala chidachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Akulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mlimi amene chaka ndi chaka ayenera kugula mbewu ndi chonde kwa wamalonda ali ndi fodya wa pachala.

Pa chinthu ichi amayi ndiwo atitsogolera. Ku Ekwendeni, kwa anansi athu a m'boma la Mzimba, anamwino a pa chipatala cha Sinodi ya Livingstonia adatopa kuona ana otupikana akuchira, napita kwawo, nabweranso otupikana. M'chaka cha 2000, namwino wina, mayi Esther Lupafya, pamodzi ndi anzake ndi alimi a m'midzi yozungulira, adayamba ntchito yotchedwa Soils, Food and Healthy Communities. Njira yawo njosadabwitsa: kubzala nandolo, mtedza ndi soya mosakaniza kapena mosinthana ndi chimanga, pakuti mizu ya mbewu zimenezi ibweza chonde m'nthaka, kukwirira masangwi ndi mapesi m'malo mowatentha (amene mukusosa ndi moto sabata ino, imvani), ndi kusunga mbewu yobzala chaka chamawa. Koma posachedwa adapeza kuti mtedza ungachuluke m'munda, mwana n'kukhalabe wowonda, ngati bambo augulitsa wonse nakamwera, kapena ngati apongozi ndiwo alamula chimene mwana adye. Tsono adayamba kuitana amuna ndi agogo ku masiku ophikira pamodzi, kumene bambo agwira mthiko anthu akuona, ndipo za m'banja zikambidwa poyera. Ofufuza atayeza ana patapita zaka, adapeza kuti a m'midzi imene idakhalitsa m'ntchitoyi ankakula bwino koposa kale. Ntchitoyi adaiyamba ndi abale athu a mpingo wina. Chabwino tichiyamike kulikonse kumene chamera.

Kuno kwathu komwe, ku Mkombezi, alimi adamanga nkhokwe ya mbewu ya mudzi, mmene asungamo mbewu zamakolo zimene zidatsala pang'ono kutayika. Mlimi abwerekako nthawi yobzala, nabweza ndi kachiwonjezero atakolola. Kodi mbewu zoterezi, nzama, mawere, chimanga chamakolo cholimba chimene anankafumbwe achivutikira, zidapulumuka bwanji zaka zonse zija pamene alangizi ankatama mbewu zogula zokha? Zidapulumukira m'miphika ya agogo aakazi, m'phulusa, ndi pa tsindwi la khitchini pamene pafika utsi. Anthu ophunzira atcha zimenezi ufulu wodzilamulira pa chakudya, mau amene gulu la alimi la La Via Campesina lidawabweretsa ku msonkhano wa ku Roma m'chaka cha 1996. Tanthauzo lake n'lakuti olima ndi odya ndiwo agamule chimene alime ndi mmene alimire. Papa Fransisko, m'kalata yake ya Laudato Si' ya chaka cha 2015, adachenjezanso za kuopsa kwakuti mbewu ndi nthaka zikhale m'manja mwa olemera ochepa. Koma mayi amene sadziwa ngati chaka chamawa adzalimanso munda womwewo, kodi angavutike kuthiramo manyowa kapena kubzalamo mitengo? Chonde chibwerera pang'onopang'ono, ndipo achibweza ndi amene mtima wake wakhazikika.

Tsono inu akatekisiti, amene mufika pa maliro ambiri kuposa ife ansembe, ndikupemphani ichi. Mukaika maliro a bambo wa banja, musafulumire kukwera njinga mutangotsiriza mapemphero a kumanda. Khalani mpaka pa msonkhano wa achibale, ndipo mufunse mwaulemu, pamaso pa a mfumu, kuti mayi ndi ana adzalima pati. Akakuyankhani mozungulira, mudziwitse wansembe wa parishi, kuti tipite limodzi. Pa misonkhano ya miphakati ya mwezi uno muwerenge Numeri 27, ndipo owerenga akhale mayi. Mufunsenso ngati komiti ya malo ilipo m'dera lanu, ndi kuti amayi atatu aja ndani. Akakhala alipo, muwaitane adzalankhule mvula isanagwe.