Chishalo cha Njinga ya Cyclocross: Kupepuka Kapena Kulimba?

Mpikisano wa cyclocross umachitika m'nyengo yozizira, makamaka ku Belgium ndi ku Netherlands, ndipo umatenga pafupifupi ola limodzi. Njira imadutsa m'matope, pa udzu ndi mumchenga ngati wa ku Koksijde ku Belgium. Pakavuta kupalasa, wokwera amatsika, n'kusenza njinga paphewa, n'kuthamanga nayo, kenako amalumphira pachishalo njingayo ikuyenda. Amatera ndi ntchafu, thupi lonse n'kutsatira, ndipo amatero kambirimbiri.

Kusankha chishalo kumadzutsa funso lakalekale: chinthu chimatchedwa chabwino chifukwa chiyani? Aristotle ankaphunzitsa kuti ubwino wa chinthu umaonekera pa ntchito imene chimayenera kugwira. Koma pano ntchito zilipo ziwiri, ndipo zimakokanakokana. Phewa limafuna chopepuka, ntchafu imafuna cholimba.

Timichirikizo tiwiri ta pansi pa chishalo tikakhala ta carbon timapepuka ndithu, koma tikagundidwa mwamphamvu timatha kuthyoka mosachenjeza. Tachitsulo kapena ta titanium timalemererako, komabe kawirikawiri timangopindika, wokwera n'kukafika kumapeto. Bungwe loyang'anira mipikisano ya njinga la UCI silivomereza njinga yopepuka kuposa makilogalamu 6.8, ndipo matope omata pamatayala amalemera kuposa magalamu ochepa amene carbon imachepetsa. Choncho pa mpikisano uwu kulimba n'koyenera kutsogola.

Pamwamba pa chishalo pamafunika kusalala, popanda misoko yosunga mchenga umene umakwecha khungu, komanso m'mbali mopanda nsonga zokola kabudula polumpha.