Giya ya wani si manyazi

Amene anayendapo msewu wa M1 kuchoka ku Chikwawa kupita ku Blantyre akudziwa pamene nthabwala zimathera m'galimoto. Ukangowoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu n'kudutsa pa Thabwa, phiri limakuimira kutsogolo ngati khoma. Kuchigwa kuja uli mamita pafupifupi 100 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Blantyre ali pa mamita opitirira pang'ono 1,000. Mtunda wonsewo injini imaulipira ndi thukuta, kona ndi kona.

Phiri limenelo amalume anga analikwera mu Okutobala wina ndi Hilux yakale ya dizilo, ya masilinda anayi basi, yopanda tebo, kumbuyo akukoka Corolla yanga imene inafera pa Dyeratu. Anyamata a kabaza anatizungulira madzulo ake, akuseka. "Madala, kagalimoto kameneka pakokha kamakwera kakutsokomola, ndiye mwati kakoke kanzake?" Amalume sanawayankhe. Anagwada pafumbi n'kumanga chitsulo chokokera. Chingwe anachikana kwamtuwagalu: chingwe chimadziwa kukoka kokha, ndipo pamtsetse amene ukumuthandizayo ndi amene amakuphwanya kumsana.

Tinanyamuka nkhuku zisanatsike, pothawa dzuwa la kuchigwa limene limawiritsa madzi a m'rediyeta musanayambe n'komwe kukwera. "Mphwanga," anatero, "kiyi umutembenuze kuti chiwongolero chisakhome. Giya ikhale pa nyutilo. Buleki uimva ngati mwala chifukwa injini yako yafa, ndiye uziponda ndi mwendo wonse. Maso ako akhale pa magetsi anga akumbuyo, za kuphomphoko uzisiye."

Nkhaniyi ndikuifotokozera inu amene mukukoka katundu woposa msinkhu wanu. Inu aphunzitsi apulaimale amene malipiro anu akudyetsa nyumba ziwiri chimwalirire achimwene anu. Inu mayi amene dengu limodzi la tomato likulipira fizi ya ana atatu. Inu achisamba m'banja, amene foni ikalira usiku mumadziwiratu kuti ndi maliro, chipatala kapena feteleza. Mutu ukakula sulewa nkhonya, n'zoona, koma palibe anakufunsani ngati injini yanu ndi yaikulu asanakumangirireni katunduyo. Ndiye mverani zimene kagalimoto kaja kanachita.

Pa chitunda choyamba amalume sanadikire kuti injini ifooke. Anatsitsiratu giya tisanalowe mu kona, kuchoka pa thuu kupita pa wani, ndipo tinayamba kukwawa, liwiro loti mwana wopita kusukulu akanatha kutithamangira pambali. Giya ya wani siiwonjezera mphamvu ya injini ngakhale pang'ono. Imangochititsa injini kuzungulira kambirimbiri kuti tayala lizungulire kamodzi, ndipo kamphamvu kochepa kaja kamaunjikana pamalo amodzi mpaka tani yathunthu ya chitsulo chakufa n'kuyamba kusuntha. Umagulitsa liwiro kuti ugule mphamvu. Woyendetsa wonyada amene amakakamira giya yapamwamba kuti aoneke kuti akuthamanga ndi amene injini imamuzimira pakati pa kona, galimoto n'kuyamba kubwerera chammbuyo.

Tsitsani giya, anthuni! Nyumba imene munkati mumanga m'chaka chimodzi imangeni m'zaka zisanu, njerwa chikwi chaka chino, malata khumi chaka chamawa. Mayeso amene munalephera alembeninso ngakhale ana anu akuonerera. Kuchepetsa liwiro pamene katundu wakula ndi luso la dalaivala wodziwa ntchito yake.

Kumbuyo kwathu kunadzaza mzere. Minibasi ina inatiimbira hutala kwa nthawi yaitali, ndipo potipitirira kondakitala anatulutsa mutu n'kutilalatira mawu amene sindingawalembe pano. Ine kumbuyo kuja nkhope inatentha ndi manyazi. Amalume anangoikodola ndi dzanja kuti idutse. Oimba hutala sadziwa kulemera kwa chimene mukukoka, ndipo injini yanu ikaphulika chifukwa chofuna kuwasangalatsa, iwo adzakhala atafika kalekale ku Limbe akumwa tiyi.

Palinso china chimene anthu ambiri sachidziwa. Injini yopanda tebo imataya pafupifupi magawo 3 pa 100 alionse a mphamvu yake pa mamita 300 alionse imene yakwera, chifukwa mpweya umapepuka ukamapita kumwamba. Pofika pamwamba pa phiri lija, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi la mphamvu limakhala litapita. Choncho mukamva kuti chaka chino mwatopa kuposa chaka chatha, musafulumire kunena kuti mwalodzedwa kapena mwatha ntchito. Mwakwera, n'chifukwa chake mukupuma movutikira.

Chapakati pa phiri, kamuvi koonetsa kutentha kanayamba kusendera kofiira. Amalume anayatsa hita m'galimoto, m'nyengo yotentha ngati imeneyo, kuti ikoke kutentha kwina kuchoka mu injini. Kamuvi katakana kubwerera, anapeza pambali potakasuka n'kuima. Ndinatsika, ndinafuna miyala iwiri ikuluikulu n'kupinga matayala. Ndinkati nditsegule chitsekerero cha rediyeta, iwo anandimenya dzanja. "Ukufuna nkhope yako isupuke?" Tinakhala pamwala theka la ola, chigwa chonse chili pansi pathu, Shire akunyezimira ngati lamba wotayidwa m'tchire. Malole a shuga ochokera ku Nchalo anadutsa akubuula, nawonso pa giya yotsika, ndi masilinda awo onse aja.

Imani musanaphulike. Uzani abale kuti mwezi uno palibe, ndipo musawonjezere bodza. Thupi limene likukoka banja lonse nalonso lili ndi kamuvi kake, ndipo kakafika kofiira sikanama.

Nanunso okokedwa ndili nanu mawu, poti tsiku limenelo wokokedwa ndinali ine. Kukhala kumbuyo sikugona. Manja anga anatupa ndi chiwongolero cholimba, ndipo pa mitsetse ing'onoing'ono ya pakati pa mapiri, mwendo wanga ukanachita ulesi, Corolla ikanakankha Hilux n'kutikhotetsera kuphompho tonse. Ngati wina akukulipirirani fizi, werengani ngati mukubweza ngongole. Ngati akukusungani pakhomo, musakhale katundu amene amapondanso buleki pa chitunda.

Tinafika pa Chadzunda dzuwa litakwera, amayi atayala kale zogulitsa. Amalume anatsika, anayendera chitsulo chija n'kumangitsanso bawuti imodzi imene inamasuka. Anagula nthochi zinayi, ziwiri anandipatsira pa windo.

"Idya msanga, mphwanga. Ku Ndirande sitinafike."