Kodi Mbuzi ya Pachingwe Nkuiyamika?

Nkhondo ya ku Mozambique itadula njanji za ku Beira ndi Nacala m'zaka za m'ma 1980, Malaŵi adatsamira pa madalaivala a malole. Ankatulukira pa Mwanza, nkudutsa Tete pamdipiti woperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe, ulendo wa ku Durban. Dalaivala akangochoka, bwana sankamva za iye kufikira atabwerako. Fodya, tiyi, mafuta, zonse ankazilonda ndi chikumbumtima chake.

Nkhondo idatha mu 1992, ndipo lero malole ambiri amayenda ndi kachipangizo ka GPS. Dalaivala akachedwa pa Nyamapanda, bwana waimba kale lamya.

Anzanga, sindikukana kuti kuba si kwapafupi tsopano. Koma funso langa nali: kodi mbuzi yomangidwa pachingwe tingaiyamike kuti sidadye mmera wa eni? Ine ndikuti kukhulupirika kumaoneka pamene mpata wakuba ulipo, munthu nkuukana yekha popanda womuona. Kachipangizoka kateteza katundu, koma kalanda munthu woongoka mwayi woonetsa kuongoka kwake. Akafika ku Durban katundu ali wathunthu, bwana amathokoza makina.