KODI NKOYENERA KUCEKA THUPI LOSADWALA?

Ife aphunzitsi tazolowera kuuza ana kuti mpeni wa dotolo ndi wa odwala. Koma masiku ano kuli nchito ina ya m'cipatala imene aicita pa anthu osadwala konse, ndiyo kucotsa mafuta m'thupi kuti munthu aoneke bwino. Azungu aicha liposuction. Tsono tifuna kufunsa ngati nchito yotere iri yoyenera.

Poyamba tione macitidwe ace. Dotolo aboola khungu pang'ono, nathiramo madzi a mcere osakaniza ndi mankhwala oletsa ululu ndi ena ocepetsa kutaya mwazi. Atatero alowetsa kacitsulo kamphako konga bango kunsi kwa khungu, ndipo makina ayamwa mafuta a pamimba, a m'ciuno kapena a m'nchafu. Njira ya kacitsulo kopanda nsonga anaikonza Yves-Gérard Illouz wa ku Paris mu 1977, ndipo ya kuthira madzi ambiri oletsa ululu anailongosola Jeffrey Klein wa ku America mu 1987.

Funso lathu si la lero ai. M'zaka za m'ma 1920 dotolo wina wa ku Paris, dzina lace Charles Dujarier, anaceka mwendo wa mkazi amene anafuna kuti miyendo yace icepe. Mwendowo unaola, ndipo anaudula. Mlandu utafika kubwalo mu 1929, oweruza anati kuceka ciwalo cangwiro cifukwa ca maonekedwe okha ndiko kulakwa. Mu 1931 bwalo lalikuru linamtsutsanso dotoloyo, koma pa cifukwa cina: sanamuuze bwino mkaziyo zoopsa zimene zikanamgwera.

Ife tiyesa kuti oweruza aciwiriwo ndiwo anafika pa tsinde la nkhani. Sitingathe kumtsutsa munthu wamkuru cifukwa afuna kukonza maonekedwe ace, pakuti makolo athunso anatema mphini pankhope naboola makutu. Koma wosankha mumdima sanasankhe kanthu. Akuru anati, safunsa anadya phula.

Nanga wofunayo ayenera kudziwa ciani? Coyamba, nchitoyi siciritsa kunenepa. Icotsa mafuta a kunsi kwa khungu okha, osafika kwa aja okuta matumbo, amene ndiwo aopsa pa nthenda ya shuga ndi ya mtima. Mu 2004 madotolo a ku St. Louis analengeza zimene anapeza pa akazi onenepa amene anawacotsa mafuta ambiri a pamimba: kuthamanga kwa mwazi ndi shuga wa m'mwazi zinakhala monga kale. Caciwiri, munthu akapitiriza kudya koposa muyeso, mafuta otsala akula ndithu, nthawi zina m'malo ena a thupi. Cacitatu, bala likhoza kucita mafinya, kacitsulo kakhoza kuboola matumbo, ndipo mwazi woundana kapena dontho la mafuta likhoza kutseka mitsempha ya m'mapapo, munthu nafa. Zoopsazi zicuruka pamene zoyamwidwazo zipitirira malita 5.

Koma mlandu wina uli pa ife tonse. Kwathu kuno munthu akabwera ku ulendo timlonjera kuti, "Mwanenepatu!" ndipo kutero ndiko kumyamikira, m'maiko ena mau omwewo ndi citonzo. Muyeso wa kukongola usintha monga mtengo wa cimanga pamsika, koma mwendo wodulidwa sumeranso. Ndipo alipo ena amene comwe ciwalemera si thupi lao, koma mau a anzao, amene kacitsulo sikangathe kuwayamwa.

Cifukwa cace dotolo anene zoona zonse asanalandire ndalama. Wofunayo afunse za maphunziro a dotoloyo ndi za zoopsa zace, ndipo adzifunse yekha ngati cifuniroco ndi cace kapena ca omseka. Ndipo ife amene tiyang'anira ana, tikamva wina alikuseka thupi la mnzace pabwalo la sukulu, timletse tsiku lomwelo, pakuti ulendo wa ena wa kwa dotolo uyambira pamenepo.