Mwana Akatentha Thupi: Kodi Chikondi Chokha Chikwanira?

Ndi mwezi wa February, mvula ili pakati, ndipo atambala sanayambe kulira. M'nyumba ina mayi adzidzimuka kutulo chifukwa mwana wa zaka ziwiri amene wagona naye pamphasa akutentha ngati mphika wongophulidwa kumene. Ayatsa nyali, afunafuna m'kachitini ka pazenera, napeza mbulu umodzi wa Panado umene unatsala pamene bambo anadwala mutu. Aunyema pakati, ausungunula pasupuni, namwetsa mwanayo. Patapita ola limodzi thukuta lituluka, thupi lizizira, mwana agona. M'mawa alandira phala pang'ono, ndipo bambo, poona kuti kumunda udzu wakula ndi kuti chipatala chili kutali, anena kuti, "Wapezako bwino, tione mawa." Usiku wachiwiri zichitika chimodzimodzi. Tsiku lachitatu mwana akomoka, maso atembenuka, ndipo pamenepo mpamene ayamba kuthamangira njinga yobwereka.

Kufunsa mayi ameneyu ngati anamkonda mwana wake kungakhale mwano. Anamkonda ndithu. Ndiye amene anachezera usiku wonse, ndipo palibe chimene anachita chosachokera mu mtima wabwino. Komabe mwana wafika pakhomo pa imfa. Apa pali funso loyenera kuvutitsa Mkhristu aliyense amene Mulungu anamuikiza mwana: kodi kumfunira mwana zabwino kukwanira, kapena chikondi chili ndi udindo winanso, udindo wakudziwa chimene chikuchita?

Poyamba nkofunika kumvetsa kuti kutentha thupi si nthenda ayi, koma chizindikiro cha nthenda. Tizirombo tikalowa m'thupi, thupi lomwelo limadzitenthetsa polimbana nato. Kutenthako kufanana ndi galu wouwa usiku. Galuyo si fisi. Iye angodziwitsa mwini nyumba kuti kukhola kwafika kanthu. Panado, amene dzina lake lenileni ndi paracetamol, amatontholetsa galu. Amatsitsa kutentha ndi kuchepetsa kuphwanya kwa thupi, mwana nakhoza kugona ndi kumwa madzi. Imeneyi ndi ntchito yachifundo, ndipo palibe woyenera kuinyoza kapena kum'mana mwana wovutika. Koma Panado sapha tizirombo ta malungo, sachiza chibayo, sachiza nthenda youmitsa khosi. Galu akatonthola, fisi akhala ali m'khola momwemo, ndipo tsopano akudya popanda womsokoneza.

Chinenero chomwe chimathandiza kusokeretsa. Makolo akale ankatcha malungo nthenda iliyonse yotentha thupi ndi kuphwanya mfundo, ndipo mpaka lero ambiri akakhudza mwana wotentha amangoti ali ndi malungo. Koma kuyambira 1880, pamene dokotala wa ku France, Alphonse Laveran, anaona tizirombo ta malungo m'magazi a wodwala ku Algeria, ndi 1897, pamene Ronald Ross anatipeza m'mimba mwa udzudzu ku India, kunadziwika kuti malungo enieni ndi nthenda imodzi yokha mwa zambiri zotenthetsa thupi. Dzanja la mayi, ngakhale limdziwe mwana chotani, silingasiyanitse malungo ndi chibayo chongoyamba. Chimene chingasiyanitse ndi kadontho ka magazi kotengedwa pachala, kamene yankho lake limatuluka m'mphindi ngati 20. Nchifukwa chake mu 2010 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse linalangiza kuti munthu aziyezedwa asanapatsidwe mankhwala a malungo.

Tsono mantha ali ndi kawerengedwe kakekake. Amauza kholo kuti ngati theka la mbulu lathandiza pang'ono, mbulu wathunthu uthandiza kwambiri, ndi kuti kutentha kukabwerera patangopita maola awiri, mankhwalanso abwerere. Koma mulingo wa Panado utsata kulemera kwa mwana, osati kukula kwa mantha a makolo. Pa kilogalamu iliyonse mwana asapyole mamiligalamu 15 pa nthawi imodzi. Ndiye kuti mwana wolemera makilogalamu 10 ayenera kulandira osaposa 150. Mbulu wa akulu uli ndi 500. Ngakhale theka lija la mayi wa m'nkhani yoyamba linali lopyola. Koyenera kanali kagawo kamodzi ka magawo anayi. Ndiponso asamwe koposa kanayi pa usana ndi usiku. Panado wopyola muyeso amawononga chiwindi, ndipo amatero mwakachetechete, zizindikiro zake nkudzaoneka patapita tsiku kapena masiku. Chomvetsa chisoni nchakuti nambala yofunikayo, kulemera kwa mwana, ili kale m'nyumba, yolembedwa m'kabuku ka kusikelo kamene kasungidwa pansi pa sutikesi.

Za aspirin nkhani njaifupi: si mankhwala a ana. Mu 1963 dokotala Douglas Reye wa ku Sydney anafotokoza nthenda yotupitsa ubongo ndi kuwononga chiwindi cha ana, ndipo pambuyo pake kunaoneka kuti imakonda kugwira ana amene apatsidwa aspirin akudwala chimfine kapena katsabola. Ku Britain mankhwalawa sapatsidwa kwa mwana wosakwana zaka 16 pokhapokha dokotala atalamula.

Pali kulakwa kwina kumene kumavala malaya a khalidwe labwino. Mwana wayezedwa, wapezeka ndi malungo, wapatsidwa LA woti amwe m'mawa ndi madzulo masiku atatu, kasanu ndi kamodzi konse pamodzi. Tsiku lachiwiri ayamba kusewera, ndipo mayi wosamala zinthu, amene sataya ngakhale mkute, abisa mibulu yotsalayo kuti idzathandize mng'ono wake. Amayesa wasunga. Koma wamana ana onse awiri: woyambayo watsala ndi tizirombo m'magazi, wachiwiriyo adzalandira theka la mankhwala pa nthenda yosayezedwa. Wamananso ana a anzake, pakuti mankhwala omwedwa mwatheka ndi chimodzi mwa zimene zimathandiza tizirombo kuzolowera mankhwala. Dziko la Malawi liyenera kukumbukira zimenezi kuposa ena. Linali loyamba mu Africa kusiya chloroquine mu 1993 atasiya kugwira ntchito, ndipo Fansidar amene analowa m'malo mwake anasiyidwanso ngati mankhwala oyamba mu 2007, pamene LA anafika. Mankhwala amene akuchiza lero ndi chuma cha mudzi wonse.

Nanga pa zonsezi pali tchimo? Thomas Aquinas Woyera, potsata aphunzitsi akale a Eklezia, anasiyanitsa mitundu ya umbuli. Pali umbuli umene munthu sakanatha kuuchotsa ngakhale atayesetsa. Umenewu suwerengedwa tchimo. Mayi amene sanauzidwepo ndi wina aliyense kuti Panado sachiza malungo, amene anachita chokhacho chimene ankadziwa, alibe mlandu pamaso pa Mulungu, ndipo womuweruza achimwa kuposa iye. Pali umbuli wina wobwera ndi mphwayi, wa munthu amene anali ndi mpata wofunsa koma sanafunse, pa chinthu chimene udindo wake unamkakamiza kuchidziwa. Mmisiri wa matabwa ayenera kudziwa matabwa, wansembe ayenera kudziwa za Masakramenti, kholo liyenera kudziwa zosunga moyo wa mwana. Akuluakulu anati safunsa anadya phula; koma pano wodya phulayo si amene analeka kufunsa, ndi mwana.

Ndipo pali umbuli wachitatu, woopsa kuposa inayi, wa munthu amene safuna kudziwa chifukwa akudziwa kuti kudziwako kumlipitsa. Pamenepa mpoyenera kukhalapo pang'ono. Thupi la mwana likazizira, opeza mpumulo ndi awiri: mwana ndi kholo. Nthawi zina kholo ndilo lipumula kwambiri. Kuzizirako kumalipatsa chilolezo chosayenda ulendo, chosabwereka ndalama, chosasiya khasu, chosaima pamzere tsiku lonse. Mawu aja akuti "tione mawa" angathe kutuluka m'kamwa mwa munthu amene akhulupiriradi kuti mwana wachira. Angathenso kutuluka mwa munthu amene mtima wake ukumuuza zina, koma iye wasankha kumvera mbulu wa Panado chifukwa ukunena zimene akufuna kumva. Kunja anthu awiriwa aoneka chimodzimodzi, ndipo palibe mnansi angawasiyanitse. Koma mwini wake amadziwa, ndipo ndi funso loyenera kudzifunsa pokonzekera kulapa: mankhwala aja anali otonthoza mwana, kapena otonthoza mtima wa wopereka?

Wina adzati, zonsezi nzosavuta kulemba, koma chipatala chili pa mtunda wa maola atatu, mtsinje wadzaza, ndipo m'nyumba mulibe ndi tambala yomwe. Mawu amenewa ngoona, ndipo Eklezia sawanyoza. Papa Pius XII, polankhula kwa madokotala mu 1957, anaphunzitsa kuti munthu akakamizidwa kusunga moyo ndi njira zamasiku onse, poyang'ana malo, nthawi ndi mmene zinthu zilili kwa munthuyo, osati ndi njira zoposa mphamvu zake. Mulungu salamula zosatheka. Umphawi umachepetsadi mlandu, ndipo nthawi zina umauchotseratu ndi kuusenzetsa ena: olamula amene sanamange mlatho, Akhristu anzake amene anali ndi njinga. Komatu chiphunzitso chomwecho chili ndi mbali ina. Chimene chinali chapatali kale chikafika pafupi, chimasanduka udindo. M'zipatala za boma kuyeza malungo ndi LA salipiritsa, ndipo m'midzi yambiri yotalikira chipatala alangizi a zaumoyo amayeza ndi kupereka mankhwala kwa ana osakwana zaka zisanu. Agogo amene analera ana awo zimenezi kulibe anali ndi chowiringula chimene mdzukulu wawo alibe. Ngakhale katemera wa malungo, amene anayambira m'Malawi mu 2019, amangochepetsa ngozi. Mwana wobayidwa akatentha ayenera kuyezedwa monga wina aliyense.

Kawirikawiri pa nkhani zotere chala chimaloza mayi, ndipo kumeneku nkusalungama. Mayi ndiye amakhudza mwana, koma si iye amene amasunga ndalama kapena kulamula ulendo. Amadikira bambo abwere kuchokera kumsika, amadikira mawu a apongozi kapena a mwini mbumba, ndipo pamene akudikira malungo sadikira. Mwa mwana wamng'ono angathe kufika ku ubongo kapena kumaliza magazi m'masiku owerengeka, nchifukwa chake a zaumoyo amati mwana aonedwe tsiku loyamba lisanathe. Bambo amene apeza ya mowa koma asowa ya njinga ya kabaza asayese kuti lamulo lachisanu limangonena za mikondo ndi zikwanje. Moipa kuposa apo, m'nyumba zina nthawi imathera pa kufufuza amene watsempha mwana kapena amene wamlodza, mayi akulira ndi mlandu umene sanapalamule, mwana ali gone pamphasa.

Wogulitsa pa okala nayenso ali ndi gawo lake. Amadziwa kuti mayi wabwera ndi ndalama yongokwanira mibulu iwiri, ndipo mawu ake amamveka ngati a dokotala. Akamgulitsa makapisozi awiri kapena aspirin, akudziwa kuti ngwa mwana, popanda kunena kuti apite naye kukayezetsa, wapeza phindu pa mantha a mnzake. Kugulitsa Panado sikulakwa. Kulakwa nkulola wogula achoke akuyesa kuti wagula machiritso.

Pali Akhristu ena amene amaopa kuti kuthamangira kuchipatala nkuchepa kwa chikhulupiriro. Malembo Oyera sakuwavomereza. Mutu 38 wa buku la Sira umalemekeza sing'anga ndi mankhwala ngati mphatso zochokera kwa Mlengi, ndipo umaika pemphero ndi sing'anga pamodzi, osati china m'malo mwa chinzake. Mu Mthenga Wabwino wa Yohane Woyera, nduna ija ya ku Kafarnao imene mwana wake anali kutentha thupi sinakhale pansi kudikira. Inayenda ulendo wokwera mpaka ku Kana kukafuna Ambuye, ndipo chikhulupiriro chake chinaonekera m'mapazi. Ndiponso khungwa la mtengo wa ku Peru limene munachokera kwinini linafalitsidwa ku Ulaya m'zaka za m'ma 1600 ndi ansembe a chipani cha Ajezuiti, mpaka anthu ankalitchula ndi dzina lawo.

Mkatekisti ndiye amene kawirikawiri amadzutsidwa usiku mwana akafooka, ndipo ayenera kudziwa zizindikiro zimene sizilola kudikira kuti kuche: mwana wolephera kuyamwa kapena kumwa, wosanza chilichonse, wokomoka, wolefuka kapena wovuta kudzutsa, wouma khosi, wopuma mofulumira nthiti zikulowa m'kati, woyera m'manja. Khanda losakwana miyezi iwiri likangotentha, nalonso lipite msanga, ngakhale palibe chizindikiro china. Mwana wosabatizidwa akakhala pa ngozi ya imfa, Eklezia amalola kuti abatizidwe pomwepo, ndi mkatekisti kapena munthu wina aliyense wochita monga Eklezia afunira, ndipo mwambowo ndi wa madzi ndi mawu ochepa, sutenga ngakhale mphindi imodzi. Nyimbo ndi Korona zingathe kunenedwa ndi otsala pakhomo kapena panjira. Pamene mmodzi akutunga madzi a ubatizo, wina akhale atapopa kale matayala a njinga, wina atatenga kabuku ka kusikelo ndi pepala la mankhwala onse amene mwana wamwa, kuti akawaonetse kuchipatala.