Kodi Kukonda Sukulu Yathu Kutilola Kunyenga pa Mpira?

Pa mseu waukulu wochokera ku Lilongwe kunka ku Kasungu pali Mponela, pamene papatuka njira ya ku Ntchisi. Onse okhala m'dziko limeneli adziwa kuti tsiku limene masukulu a sekondale akomana pa mpira wa miyendo, m'midzi mutsala nkhalamba ndi nkhuku zokha. Anyamata a ku Madisi, a ku Kongwe ndi a ku mapiri a Ntchisi afika pa malole alikuyimba, amayi ayala nzimbe ndi zitumbuwa m'mbali mwa bwalo, ndipo ngakhale munthu amene sanalowepo m'kalasi anena kuti, "Lero ana athu apambana." Ichi nchokoma ndithu, pakuti mtima womwewo ndiwo uumba njerwa za sukulu ndi kutunga madzi pomanga nyumba za aphunzitsi.

Koma mtima wabwinowu uli ndi yeso lake. Nthawi zina, poyandikira masewera a chikho, akulu a mudzi apita kwa mphunzitsi, nati, "Aphunzitsi, alipo mnyamata uja wa kabaza pa msika, wodziwa kumenya mpira, mumveke malaya a sukulu, mumlembe dzina la mwana wina, kuti tingachite manyazi pamaso pa alendo." Onena mau awa sali anthu oipa iai; anena chifukwa chokonda kwao. Tsono tifunse, kodi chikondi chotere tichimvere?

Ena ayankha kuti mnyamatayo ngwathu, anabadwira konkuno, ndipo palibe amene apwetekedwa. Koma taonani mwana wa sukulu amene wathamanga pa bwalo madzulo onse a chigawo chonse, nakhala kunja tsikulo chifukwa malo ake apatsa munthu wamkulu wa ndevu. Taonaninso mwana amene dzina lake labwerekedwa: waphunzira kwa mphunzitsi wake yemwe kuti dzina la munthu liri ngati jekete lobwerekana pa ukwati. Ana awiriwa ndi athu omwe, motero chinyengo chayamba kupweteka mudzi umene chinati chiukweze.

Tiganizenso za alendo. Mpira ndiwo pangano. Kale ku England masukulu anali ndi masewera ao osiyanasiyana, ndipo pokomana ankakangana. Chifukwa chake m'chaka cha 1863 anthu anasonkhana ku London, nalemba malamulo amodzi, kuti anthu a kutali athe kusewera pamodzi mokhulupirirana. Alendo akakwera lole kutsika mapiri a Ntchisi, abwera atakhulupirira kuti adzapeza ana anzao. Ife tikawabisira munthu wamkulu, taswa panganolo. Chikho tingatenge, koma mpira sitinapambane, pakuti umene tinapangana sunaseweredwe konse. Alimi a fodya a kuno adziwa bwino mlandu wotere. Munthu akabisa masamba oipa m'kati mwa belo, naika okoma pamwamba, belo likatsegulidwa ku Kanengo libwezedwa, ndipo manyazi agwera ngakhale anansi ake olungama amene mabelo ao anakwera lole lomwelo.

Maiko akulu omwe anagwamo m'mbuna iyi. M'chaka cha 1988 dziko la Mexico linapezeka kuti linaseweretsa anthu opitirira msinkhu m'timu ya anyamata, ndipo analiletsa masewera zaka ziwiri, kotero kuti silinapite ku chikho cha dziko lonse cha 1990. M'chaka cha 2009 bungwe la FIFA linayamba kujambula mafupa a pa dzanja a anyamata osafika zaka 17, kuti lidziwe msinkhu wao. Ha! Si chinthu chomvetsa chisoni kodi, kuti makina afunsidwe chifukwa mau a akulu sakhulupirikanso?

Alipo ena amene ati, "Anzathu achita chomwecho, ife tikaleka adzatigonjetsa chaka ndi chaka." Mau awa ali ndi kulemera kwake, pakuti kugonja kwa wonyenga kuwawa. Koma mankhwala ake si kunyenga koposa iye. Aphunzitsi aakulu a masukulu onse awiri abwere ndi mabuku a maina, ana aitanidwe mmodzimmodzi pamaso pa makolo ndi mafumu mpira usanayambe, ndipo woyimbira asaombe wenzulo kufikira onse atavomereza. Nanga tikagonja chilungamo chiri m'manja? Kumbukirani timu ya dziko lathu ku Cameroon m'mwezi wa January 2022: Gabadinho Mhango anagoletsa chigoli chakutali, koma Morocco inapambana ndi zigoli ziwiri kwa chimodzi, ndipo Amalawi sanabise nkhope, koma ananyadira ana ao. Kugonja kotere kulibe manyazi.

Makolo athu anatisiyira chitsanzo chokoma m'chisuweni. Asuweni atonzana, nasekana, nalandana nkhuku, koma maliro akagwa akhala pa mphasa imodzi. Momwemo masukulu oyandikana akhale asuweni: chemererani ndi mphamvu, imbani nyimbo zoseka anzanu, koma mwala usaponyedwe, woyimbira asathamangitsidwe, ndipo alendo amwe madzi asanakwere lole lao. Paja akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mnyamata amene mumtukwana lero pa bwalo, mawa adzakhala sing'anga wa pa chipatala chanu, kapena mkamwini m'mudzi mwanu.

Chifukwa chake, inu aphunzitsi, limbikani mtima pokana akulu, ngakhale adzakudani sabata limodzi. Inu makolo, mnyamata wa kabaza uja mpangireni timu ya mudzi, kuti luso lake lioneke pa dzina lake lenileni. Ndipo inu anyamata, mukapambana gwiranani chanza ndi ogonja, mukagonja yamikani opambana, nimubwerere ku bwalo m'mawa mwake kukakonza zimene zinakulakani.